Kodi Mnyasa Ali Pati? Kumvetseranso Zimbale Zakasakaniza za Nyimbo za ku Johannesburg

M'chaka cha 2010, pamene maso a anthu adali ku South Africa chifukwa cha mpikisano wa mpira wa World Cup, kampani ya Strut ya ku London idatulutsa zimbale zitatu za mutu umodzi wakuti Next Stop... Soweto. Amene adatolera nyimbozo ndi Duncan Brooker ndi Francis Gooding. Chimbale choyamba ndi cha mbaqanga, chachiwiri ndi cha nyimbo za soul ndi zina zofanana nazo za pakati pa 1969 ndi 1976, ndipo chachitatu ndi cha jazi. Kwa anthu ambiri akunja, ngakhalenso kwa ophunzira athu amene adabadwa galamafoni itaiwalika kale, zimbale zoterezi ndizo khomo lolowera m'nyimbo zimene zidagwedeza mzinda wa Johannesburg kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Nchifukwa chake nkoyenera kuzifunsa mafunso amene timafunsa buku lililonse la nthano kapena ndakatulo zotoleredwa. Adasankha ndani? Adasankha pa mulu uti? Nanga ndani adatsala kunja?

M'nkhani ino ndikamba za zimbale ziwiri zoyambirirazo, pamodzi ndi zimbale zakasakaniza zimene makampani a ku Johannesburg ankatulutsa panthawi yomweyo. Mfundo yanga ndi yakuti zimbale zimenezi zimatiuza molondola zimene zidajambulidwa m'nyumba zojambulira, koma zimatiuza zochepa kwambiri za anthu amene ankamvera nyimbozo ndi kumene adazipititsa. Pakati pa omverawo padali Amalawi zikwizikwi. Kusowa kwawo m'zimbalezi kudachita kupangidwa, ndipo chimene chidakupanga ndi ndale za chiyankhulo.

Fakitale ya nyimbo

Tiyambe ndi mulu umene otolera amasankhapo. Kampani ya Gallo, imene Eric Gallo adaiyambitsa ku Johannesburg mu 1926, idalemba ntchito Rupert Bopape mu 1964 kuchokera ku kampani ya EMI. Bopape adakhazikitsa nthambi yoona za nyimbo za anthu akuda yotchedwa Mavuthela. Kumeneko adasonkhanitsa anyamata asanu amene adadziwika ndi dzina la Chisutu lakuti Makgona Tsohle, kutanthauza otha zonse: Marks Mankwane pa gitala wotsogolera, Vivian Ngubane pa gitala wothirira, Joseph Makwela pa besi yamagetsi, Lucky Monama pa ng'oma, ndi West Nkosi pa sakisofoni. Pamwamba pa zing'wenyeng'wenye zawo adaikapo mawu a atsikana anayi kapena asanu, ena mwa iwo Hilda Tloubatla, Nobesuthu Mbadu ndi Mildred Mangxola, ndiponso liwu lamanzenene la Simon Nkabinde, amene dziko limamudziwa kuti Mahlathini.

Chofunika kuchimvetsa nchakuti Mavuthela inkagwira ntchito ngati fakitale. Oimba ankalandira malipiro a tsiku lojambula, ndipo phindu la malonda linkapita ku kampani ndi kwa wojambulitsa. Atsikana omwewo ankaimba lero pa dzina lakuti Mahotella Queens, mawa pa dzina lakuti Marula Boom Stars kapena Izintombi Zomgqashiyo, ndipo nyimbo zawo zinkatuluka pa zizindikiro zosiyanasiyana za kampani yomweyo monga Motella, Gumba Gumba ndi Smanje Manje. Wogula ankaona ngati pali magulu ambiri opikisana, chikhalirecho ndi anthu omwewo m'chipinda chimodzi. Makampani ena adatengera njira yomweyi. Hamilton Nzimande, mwachitsanzo, adautsa gulu la Izintombi Zesi Manje Manje kuti lilimbane ndi atsikana a Bopape.

Nyimbo zinkatuluka ziwiriziwiri, ina kuno ina kuseri, poyamba pa mbale zosweka msanga za 78 ndipo kenaka pa timbale ta 45. Chimbale chachikulu chinkabwera pambuyo, ndipo kawirikawiri chinkangosonkhanitsa nyimbo zimene zidayenda kale malonda. Chimbale cha Meet the Mahotella Queens cha mu 1966 ndi chitsanzo chabwino. Choncho chimbale chakasakaniza sichidayambe ndi akatswiri a ku London. Chidayamba ndi ogulitsa a ku Johannesburg, ndipo muyeso wawo udali umodzi: nyimbo imene yagulidwa kwambiri ndiyo ilowe. Aliyense wofuna kugwiritsa ntchito zimbale zimenezi ngati mboni ya mbiri akumbukire kuti dzina lolembedwa pachikuto nthawi zambiri ndi dzina la malonda, silinena amene adaima patsogolo pa maikolofoni.

Zimene Brooker ndi Gooding adachita bwino

Nkosayenera kunyoza ntchito ya otolera a mu 2010. Anthu ambiri a ku Ulaya ndi ku America adayamba kumva mbaqanga kudzera m'chimbale chakasakaniza cha The Indestructible Beat of Soweto cha mu 1985 ndi chimbale cha Paul Simon cha Graceland cha mu 1986. Zonse ziwirizi zili ndi nyimbo zojambulidwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo zidachititsa ambiri kuganiza kuti mbaqanga ndi mwana wa nthawi imeneyo. Rob Allingham, amene ankasunga nkhokwe ya Gallo, adayesa kukonza maganizo amenewa ndi chimbale cha From Marabi to Disco cha mu 1994, koma popeza chimenechi chimayenda zaka 42 pa liwiro lalikulu, zaka za m'ma 1960 zimangopatsidwa kagawo kochepa. Next Stop... Soweto imaima pa zaka zimenezi nkumvetsera mofatsa.

Munthu akamva chimbale choyamba kuyambira poyamba mpaka pamapeto amazindikira kapangidwe ka nyimbozi. Pansi pali mzere waufupi wa makodi atatu umene umazungulira osatha, cholowa chochokera ku marabi a m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Besi siyongoperekeza ayi, imayankhula ngati munthu. Gitala amalowa ndi kachidutswa kakuthwa kamene kamatsegula nyimbo, atsikana nkuyankha, mwamuna wa manzenene nkudula pakati. Zonsezi zimatha m'mphindi zosakwana zitatu, chifukwa mbale ya 78 sinkalola kupitirira apo, ndipo chizolowezicho chidatsala ngakhale mbalezo zitasintha. Liwu lakuti mbaqanga m'Chizulu limanena chakudya cha ufa wa chimanga chophikidwa mwachangu, ndipo oimba jazi ankaligwiritsa ntchito monyoza. Koma kusanja nyimbo zambiri motsatizana, monga achitira otolerawa, kumaonetsa luso limene nyimbo imodzi payokha ingabise: m'kampata kakang'ono kameneko gulu lililonse linkapeza njira yakeyake yodabwitsira womvera.

Chimbale chachiwiri chimaonetsa kusintha kumene kudadza cha m'ma 1969, pamene achinyamata a ku Soweto ndi ku Alexandra adakopeka ndi nyimbo za anthu akuda a ku America. Limba lamagetsi lidayamba kulanda malo a sakisofoni, ndipo magulu monga The Movers adatchuka. Ngakhale a Mahotella Queens adalowa nawo m'bwalo ndi nyimbo yotchedwa Wozani Mahipi. Wophunzira chiyankhulo aone dzina limenelo: liwu la Chingerezi la achinyamata a tsitsi lalitali a ku California lalandira mphatikiram'mbuyo wa Chibantu nkukhala mahipi, monga momwe ife timanenera kuti matebulo kapena mabasi. Pamenepa chimbalechi chagwiradi kamphepo ka nthawi yake.

Wailesi ndi mpanda wa chiyankhulo

Tsono tifike pa chimene chikusowa. Ndamvera zimbale ziwirizi kangapo konse, ndipo sindidamvemo nyimbo ya Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Wina anganene kuti palibe chodabwitsa, pakuti mutu wake ukunena za Soweto. Koma Johannesburg wa zaka zimenezo sadali wa Azulu ndi Asutu okha. Boma la Malawi lidakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa mu 1967, ndipo bungwe la Wenela linkatenga amuna ochuluka chaka ndi chaka kupita nawo ku migodi ya golide. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa adaposa 100,000. Kuwonjezera pa amenewa padali a selefu, opita okha popanda kalata ya Wenela, amene ankagwira ntchito m'mahotela, m'makhitchini ndi m'minda ya maluwa ya azungu. Ulendo wa Wenela udaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown nkupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Khamu lonseli lidali ndi makutu, lidali ndi ndalama za kumapeto kwa mwezi, ndipo linkagula mbale.

Nanga bwanji silimveka? Yankho lili ku wailesi. Mu 1960 bungwe la SABC lidayambitsa Radio Bantu, ndipo kuyambira mu 1962 idayamba kuulutsa pa FM. Cholinga chake chidali kulimbikitsa mfundo ya boma la tsankho yakuti munthu wakuda aliyense ali ndi fuko lake, chiyankhulo chake ndi dera lake la kumudzi. Padali nthambi za Chizulu, Chixhosa, Chisutu, Chipedi ndi Chitswana, kenaka Chivenda ndi Chitsonga. Mawu a nyimbo iliyonse ankayamba awunikidwa, ndipo nyimbo yosakaniza ziyankhulo sinkaloledwa. Katswiri wa nyimbo Charles Hamm adalemba mwatsatanetsatane za ntchito imene wailesiyi inkagwirira boma. Popeza nyimbo yosaulutsidwa sinkayenda malonda, Bopape ndi anzake ankajambula zimene wailesi ingalandire. Mnyasa, monga ankatchedwera, adalibe dera lake m'mapu a tsankho, choncho adalibenso nthambi yake pa wailesi. M'maso mwa boma iye adali mlendo wa kontalakiti, wogona m'komboni ya amuna okhaokha, wolamulidwa m'Chifanakalo, woyenera kubwerera kwawo zaka ziwiri zikatha.

Izi sizitanthauza kuti Chinyanja sichidalowepo pa mbale za ku Johannesburg. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Gallo inkatulutsa nyimbo za ziyankhulo za kumpoto kwa Limpopo, zina mwa izo zojambulidwa ndi Hugh Tracey. Ndiponso wailesi ya Radio RSA, imene idayamba mu 1966 kuti izifalitsa maganizo a boma la South Africa ku maiko ena, pambuyo pake idakhala ndi mapologalamu a Chichewa. Apa mpamene pali phunziro: Chichewa chidali chiyankhulo choyenera kuyankhulira anthu akutali, koma chosayenera kumveka m'misewu ya Johannesburg momwe eni ake ankakhetsa thukuta.

Tisafulumire kuloza chala kummwera kokha. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kuti chikhale chiyankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC. M'chaka chomwecho mudakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Boma lina linkagawa anthu ndi ziyankhulo zambiri, lina linkawamanga ndi chiyankhulo chimodzi, koma onse awiri adazindikira kuti wolamula chiyankhulo cha pa wailesi amalamulanso zimene mibadwo yam'tsogolo idzapeze m'nkhokwe. Wotolera wa mu 2010 amasankha pa mulu umene wounika wa mu 1968 adaupeta kale.

Umboni wa m'kamwa mwathu

Ngati zimbale zili chete, chiyankhulo chathu sichili chete. Ndili mwana, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, amalume anga amene adagwirapo ntchito ku migodi adali ndi chowulutsira mbale choyendera mabatire, ndipo mudzi wonse unkachitcha gumbagumba. Padapita zaka zambiri ndisanadziwe kuti dzina lomwelo lidasindikizidwa pa mbale za Mavuthela. Mbale zawo adazisunga m'sutukesi pansi pa bedi, ndipo pa Khirisimasi ankazitulutsa anthu nkuvina mpaka fumbi koboo, ngakhale padalibe ndi mmodzi yemwe, kupatula iwo, womva mawu a nyimbozo.

Mawu ena amanena nkhani yomweyi. Johannesburg tidamufupikitsa nkukhala Joni. Munthu wokhalitsa kunja osatumiza kalata timamutcha mtchona, kuchokera ku mneni wa ziyankhulo za Chinguni wonena za kumira kapena kulowa kwa dzuwa. Ndipo pali simanjemanje, dzina limene Amalawi adapatsa mayimbidwe ndi mavinidwe atsopano a zaka zimenezo. M'Chizulu manje ndi tsopano, choncho simanjemanje ndi zatsopanotsopano, zamakono. Liwu lomweli lakuti manje lidakhazikika m'Chinyanja cha ku Lusaka mpaka lero. Mawu obwereka sayenda okha. Amanyamulidwa ndi anthu pamodzi ndi katundu. Njira imene idadzera njinga, jekete ndi makina osokera ndi yomwe idadzera simanjemanje.

Nchifukwa chiyani nyimbozi zidaoloka malire mosavuta chonchi? Mwa zina, malamulo a Radio Bantu omwewo adathandiza mosadziwa. Nyimbo ya zing'wenyeng'wenye zokha, yopanda mawu, inkatha kuulutsidwa pa nthambi iliyonse popanda wounika kupezapo chifukwa, ndipo makampani adajambula nyimbo zambirimbiri za sakisofoni za mtundu umenewu. Nyimbo yopanda mawu ilibe fuko. Ikafika ku Ntcheu kapena ku Mzimba imasiya malo oti womvera aikepo mawu akeake.

Mbali yachiwiri ya mbale

Amene adaikapo mawu awo tikuwadziwa, ena mwa iwo. Mu 1967 katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana ndi anyamata awiri apachibale akuimba mu mzinda wa Blantyre, Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka. Banja lawo lidakhalapo ku Salisbury, kumene ndi Harare lero, ndipo kumeneko adamva kwela, nyimbo za chitoliro chachitsulo zimene Spokes Mashiyane ndi anzake adatchukitsa ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950. Kubik adawajambula, ndipo mu 1974 buku lake lonena za gulu lawo lidasindikizidwa m'Chingerezi kudzera ku Yunivesite ya Zambia. Zida zawo zidali gitala wamba, chitoliro, besi ya chingwe chimodzi ndi chisekese. Mayina a mayimbidwe awo adali monga sinjonjo, simanjemanje ndi lumba.

Munthu akaika nyimbo za a Kachamba pambali pa chimbale choyamba cha Next Stop... Soweto amamva zinthu ziwiri. Choyamba ndi ubale: mzere wozungulira uja ulipo, ndipo besi ikuyankhula chimodzimodzi. Chachiwiri ndi kusiyana. Zimene a Makgona Tsohle ankachita ndi magetsi ndi anthu asanu, Daniel Kachamba ankazipanikiza m'zala za dzanja limodzi pa gitala wopanda magetsi. Chitoliro chimene ku Johannesburg chidali chitatayidwa kale chifukwa cha sakisofoni, ku Chileka chidapitirira kukhala ndi moyo, ndipo Donald adachiimba mpaka imfa yake mu 2001. Nyimbo za kummwera zidasakanikirana ndi lumba ya ku Congo ndi magitala a ku Kenya, zinthu zimene wounika wa Radio Bantu sakadazilola m'nyimbo imodzi. Ku Malawi simanjemanje idasanduka chinthu china, choimbidwa m'Chichewa, chonena za mavuto a anthu a kuno.

Tsono mbiri ya nyimbo za ku Johannesburg za zaka zimenezi ili ngati mbale ya 45: ili ndi mbali ziwiri. Zimbale za Strut zimatiimbira mbali imodzi, ya wojambula ndi wogulitsa. Mbali inayo, ya womvera amene adasanduka woimba, imapezeka m'malo ena: m'matepi a Kubik osungidwa ku Vienna, m'chimbale cha Opeka Nyimbo chimene Kubik ndi Moya Aliya Malamusi adatulutsa ku Berlin mu 1989, m'chimbale cha Malamusi cha From Lake Malawi to the Zambezi cha mu 1999, ndi m'matepi amene MBC idajambula kuyambira mu 1964. Palinso ana a matchona amene adalowa m'nyimbo za South Africa momwemo. Ray Phiri, woimba gitala mu Graceland ndi mtsogoleri wa gulu la Stimela, amene adabadwa mu 1947 nkumwalira mu 2017, adali mwana wa Mmalawi wopita kukafuna ntchito kummwera. Dzina lake lokha likunena zonse kwa ife, koma kwa womvera wa ku London ndi dzina chabe la ku South Africa.

Chenjezo kwa ife eni

Pali chiyeso chimene tiyenera kuchipewa. Pofuna kubwezera Mnyasa m'mbiri, ena amafika ponena kuti kwela idachokera ku Malawi, umboni wawo nkukhala wakuti liwulo likufanana ndi mneni wathu wakuti kwera. Umboni umenewu ngwosalimba. Chizulu chili ndi mneni khwela wa tanthauzo lomwelo, ndipo aneni awiriwa ndi ana a kholo limodzi la Chibantu. Kufanana kwa mawu a pachibale sikutiuza kumene nyimbo idabadwira. Mbale zimene zilipo zimaonetsa kuti kwela idakulira m'misewu ya Johannesburg nkufalikira kumpoto. Ulemu wa Amalawi m'nkhaniyi suli pa kuyambitsa. Uli pa kumva, kunyamula, kusintha ndi kusunga, ndipo zimenezi nzokwanira kulembedwa popanda kukokomeza.

Sindikuimba mlandu Brooker ndi Gooding chifukwa chosatolera zimene sadalonjeze kutolera. Chodandaulitsa nchakuti ife, aphunzitsi ndi ophunzira a m'chigawo chino, timalandira zimbale zawo ngati mbiri yathunthu, monga momwe ena amalandirira mtanthauziramawu ngati kuti liwu losalembedwamo kulibe. Wolemba mtanthauziramawu aliyense amadziwa kuti buku lake ndi zotsatira za zisankho: mabuku amene adawerenga, anthu amene adawafunsa, ndalama zimene adali nazo. Chimbale chakasakaniza nchimodzimodzi.

Chimbale chimene chikusowa ndi chimene chingatsate njira ya Wenela: nyimbo ya Makgona Tsohle, kenaka nyimbo ya ku Salisbury kapena ku Bulawayo, kenaka ya a Kachamba, kenaka ya gulu lina la m'matepi a MBC, chilichonse ndi chaka chake, mayina enieni a oimba ndi mawu ake olembedwa m'chiyankhulo chake. Ntchito yotere imafuna wodziwa nyimbo, wodziwa mbiri ndi wodziwa ziyankhulo, ndipo imafuna changu. Daniel Kachamba adamwalira mu 1987, West Nkosi ndi Marks Mankwane mu 1998, Mahlathini mu 1999. Amuna amene adakwera ndege za Wenela ali anyamata mu 1968 tsopano ndi nkhalamba za zaka pafupifupi 80, ndipo masutukesi awo akutayidwa pamodzi ndi mbale zake maliro akatha. Kampani ya ku London siyingadziwe kuti m'mudzi wakutiwakuti muli gogo amene akukumbukira sitolo imene adagulako mbale yake yoyamba. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wophunzira aliyense wopita kumudzi pa tchuthi ali ndi foni yotha kujambula mawu, ndipo funso loyamba kwa agogo ndi lapafupi: kodi ku Joni munkavina nyimbo zanji, ndipo mudabwera nazo ziti?